Dzina langa lili pa thanthwe la ku Chongoni, ndipo ndikuchita nalo manyazi

Mwezi uno a komiti andipatsa ine tsamba la mbiri, ndiye ndiyambe ndi kuulula kaye mlandu wanga ndisanayambe kuphunzitsa aliyense.

Ndili Sitandade 7, ine ndi anzanga awiri tinkapita kukatola nkhuni m'mapiri a kuno kwathu ku Dedza. Tsiku lina mvula inatipeza, tinathawira m'phanga. Pakhoma la phangalo panali zojambula zofiira ndi zoyera, zina ngati mizere ndi timadontho, zina ngati buluzi wotambasula miyendo. Ife sitinaone chachilendo. Tinakoleza moto kuti tiwothe, ndipo mvula isanakate ndinatenga khala n'kulemba dzina langa pamwamba penipeni pa chojambula chimodzi, zilembo zikuluzikulu, kuti aliyense wobwera adziwe kuti kunafika mwamuna. Panopa ndatsiriza Fomu 4, ndipo m'pamene ndadziwa chimene ndinadetsa tsiku limenelo.

Mapanga amenewa ali m'dera lotchedwa Chongoni, lomwe kukula kwake ndi masikweya kilomita pafupifupi 126. Akatswiri anawerenga malo 127 okhala ndi zojambula za pamiyala m'dera lokhali, ndipo palibenso kwina m'chigawo chapakati cha Africa kumene zojambula zotere zinaunjikana chonchi. M'chaka cha 2006 bungwe la UNESCO linaika Chongoni pa mndandanda wa malo amene dziko lonse lapansi liyenera kuwasamala. Anali malo achiwiri a m'Malawi kulowa pa mndandandawu, oyamba anali Lake Malawi National Park mu 1984. Malo amene alendo amapitako kawirikawiri ndi atatu: Chentcherere, Namzeze ndi Mphunzi. Taganizani, azungu amalipira ndege kudzaona zimene ife timangokolezapo moto.

Nanga anajambula ndani? Apa pali magulu awiri. Zojambula zofiira ndi zakale kwambiri, ndipo akatswiri amati ndi za Abatwa, omwe agogo athu amawatchula kuti Akafula. Awa ndi aja a m'nthano, anthu aafupi amene ankati akakumana nawe amafunsa kuti wawaonera pati. Sankalima, ankadalira kusaka nyama ndi kutola zipatso, mizu ndi uchi. Zojambula zawo zambiri ndi mizere, zozungulira ndi madontho. Zoyera zija ndi za alimi amene anabwera pambuyo, makolo a Achewa, omwe ankapaka dothi loyera ndi chala. Zina mwa izo zinkagwiritsidwa ntchito pa chinamwali, anamkungwi polangiza atsikana. Zina ndi za Nyau, ndipo zambiri zinajambulidwa nthawi imene gule ankaponderezedwa, poyamba ndi nkhondo za Angoni, kenako ndi amishoni ndi boma la atsamunda. Anthu anajambulabe mpaka m'zaka za m'ma 1900. Ndiye musamaganize kuti izi ndi za anthu achilendo amene anatha kalekale. Zoyerazi anajambula ndi agogo a agogo athu, ndipo matanthauzo a zina mwa izo amayi achikulire a m'midzi muno akuwadziwabe, kungoti sauza wamba.

Kusukulu tinaloweza za Akafula ndi za ufumu wa Maravi kuti tikhoze mayeso basi. Palibe tsiku limene ndinafunsa kuti kodi olemba mabukuwa anazidziwa bwanji zimenezi, popeza Akafula sanasiye kalata. Yankho ndinalipeza nditabwereranso kumapanga kuja chaka chatha, ulendo uno ndi bambo wina amene amaperekeza alendo. Iwo ndi amene anandifotokozera mmene ntchito yofukula zakale imayendera, ndipo abale, si ntchito ya anthu opupuluma.

Wofukula zakale safika ndi khasu n'kuyamba kugawula ngati akukumba mbewa. Amayamba wayeza malo, n'kukhoma zikhomo, n'kumanga zingwe kuti pakhale timabwalo ta makona anayi. Kenako amapala dothi pang'onopang'ono ndi kachitsulo konga ka amisiri omanga nyumba, mwina tsiku lonse osafika ngakhale kuya kwa chikhatho. Dothi lililonse limadutsa mu sefa kuti kamkanda kapena kafupa kasatayike. Chilichonse chopezeka amachiika m'kathumba kakekake, n'kulembapo bwalo limene chachokera ndi kuya kwake. Chifukwa chake n'chakuti dothi limaunjikana ngati mmene timayalira zofunda: chimene chili pansi chinagwa kale kuposa chimene chili pamwamba. Akapeza makala a moto wakale, amawatumiza ku labotale kumene amayeza kuti mtengowo unafa zaka zingati zapitazo, ndipo zaka zimenezo zimathandiza kudziwa msinkhu wa mapale ndi mafupa amene anali pambali pake. Ukangofukula phale n'kupita nalo kunyumba, latsala phale chabe, nkhani yake yafera pomwepo. Paja akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ntchito yotereyi inachitikapo kuno kwathu. Katswiri wina wotchuka, J. Desmond Clark, anafukula m'phanga la Mwana wa Chentcherere ndipo zimene anapeza anazisindikiza mu 1973. Pansi pa zojambulazo panali timiyala tosema tomwe alenje ankagwiritsa ntchito ngati mipeni ndi nsonga za mivi, mafupa a nyama zimene ankadya, komanso mapale. Umu ndi mmene tinadziwira kuti m'phangamo munkakhaladi anthu, sikuti ankangodutsamo.

Ndipo musaganize kuti ndi ntchito ya azungu okha. Mmalawi mnzathu, Yusuf Juwayeyi, anafukula ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka m'boma lathu lomweli, kumene kunali likulu la a Kalonga, mafumu a Maravi. Chosangalatsa n'chakuti malowa anawalondola pomvera mbiri yapakamwa ya akuluakulu, kenako n'kukaiyesa ndi zimene zili m'nthaka. Anapeza mapale ambirimbiri, zipangizo zachitsulo, zinthu zamkuwa, minyanga ya njovu yosemedwa, mikanda yagalasi yochokera kutsidya kwa nyanja, mpaka zidutswa za mbale zadothi za ku China. Tamvani bwino, mbale za ku China ku Mtakataka, zaka mazana angapo David Livingstone asanaponde dziko lino. Ndiye wina akadzakuuzani kuti makolo athu ankangokhala m'tchire osadziwa za kunja, mudzamuuze za Mankhamba. Buku lake lofotokoza zimenezi linatuluka mu 2020.

Kumpoto nako kuli zake. Mu 1991 ku Uraha m'boma la Karonga kunapezeka chibwano cha munthu wakale kwambiri, cha zaka zoposa 2 miliyoni. Ku Karonga komweko kuli nyumba yosungiramo zakale yomwe inatsekulidwa mu 2004, mmene muli chifaniziro cha mafupa a chinyama chachikulu chotchedwa Malawisaurus, ndipo ana asukulu amapita kukaona ndi maso zimene ife tinkangomva kwa aphunzitsi.

Koma kufukula ndi theka chabe la ntchito. Theka linalo ndi kuphunzitsa anthu, ndipo ili ndi limene bambo operekeza alendo aja amachita tsiku ndi tsiku. Amadzuka m'mawa, kukwera phiri, kuona ngati usiku kunabwera otentha makala kapena osaka mbewa ndi moto wawo. Kukabwera ana asukulu amawakhazika pansi n'kuyamba kufotokoza za zofiira ndi zoyera, kubwerezabwereza zomwezomwezo osatopa. Amayenera kudziwanso polekezera, chifukwa za ku chinamwali ndi za ku dambwe zili ndi eni ake, sizoululira gulu la ana. Nthawi zina amakakhala pansi ndi mafumu kukambirana za mitengo imene ikudulidwa, popeza mtengo ukachoka pakhomo pa phanga, dzuwa ndi mvula zimafika pakhoma, utoto n'kuyamba kufufutika. Anandiuza kuti mdani wamkulu si mvula ayi, koma mwana amene sanauzidwe, wanyamula khala kapena choko m'thumba.

Pamenepo ndinangoti zyoli. Kenako ndinawauza kuti, "Bambo, mmodzi wa ana amenewo ndine." Ndinkayembekeza kuti andikalipira, koma anangondifunsa kuti, "Nanga ukanadziwa ukanalemba?" Ndinati ayi. Iwo anati, "Basi, pita ukauze anzako amene sakudziwa." Ndinapempha kuti ndikatenge madzi ndi burashi ndikafufute dzina langa, koma anandiletsa. Anati kukwecha thanthwe kumachotsa khala limodzi ndi utoto wakale womwe, ndipo kuyeretsa zojambula ndi ntchito ya akatswiri amene anaiphunzira. Choncho dzina langa lidakali pompo, lazilala pang'ono koma likuwerengeka.

Mwina wina akuti, kodi zojambula tidya? Funso limeneli si lopusa, ine ndemwe ndili pa ulova ndipo ndikudziwa kuti thumba la makala limabweretsa ndalama lero lomwe. Koma thumba la makala umagulitsa kamodzi. Phanga losamalidwa limakoka alendo chaka ndi chaka, ndipo mlendo amafuna womuperekeza, wa kabaza womunyamula, mayi womugulitsa mbatata ndi nthochi, ndi malo ogona. Komanso ngakhale pasabwere mlendo ndi mmodzi yemwe, tilibe buku lina limene Akafula anatisiyira kupatula makoma amenewa. Nyumba ikagwa timamanga ina, koma chojambula chikafufutika palibe amene angakadzutse mwini wake kuti adzajambulenso. Dziwaninso kuti dziko lathu lili ndi lamulo loteteza malo ndi zinthu zakale, ndipo kuwononga kapena kufukula popanda chilolezo cha boma ndi mlandu.

Ndiye pempho langa kwa inu ndi losavuta. Mukapita kumapanga, musakhudze zojambula ndi manja, musazithire madzi kuti ziwale pa chithunzi cha pa foni, musakoleze moto mkati, ndipo musalembe chilichonse. Mukamalima n'kupeza mapale ambiri pamalo amodzi, mikanda yakale, mafupa kapena zotsalira za ng'anjo yosungunulira chitsulo, musatole n'kukaika pawindo. Jambulani ndi foni, zindikirani malowo, uzani amfumu kuti uthenga ukafike kwa a boma oyang'anira zakale. Ndipo amene muli ndi agogo amoyo, khalani nawo pansi madzulo ano muwafunse kumene mudzi wanu unachokera ndi mayina a mapiri okuzungulirani, mulembe m'kope. A Juwayeyi anayambira pa mawu a agogo ngati amenewo.

Pa msonkhano wathu wotsatira ndidzapempha kuti kalabu isonkhe kangachepe ka ulendo wopita ku Chentcherere, ndipo aliyense adzatenge mng'ono wake mmodzi wa ku pulayimale. Ine ndidzakhala patsogolo. Amene akufuna kuona dzina langa lija ndidzamuonetsa tsiku lina, kuti adziwe mmene zimaonekera munthu akalemba pamwamba pa agogo ake.