Loko wa owerenga ndi olemba

Akatswiri a makompyuta akamati read-write lock amatanthauza loko wopezeka m'mapulogalamu, kuphatikizapo kernel, gawo la pulogalamu lomwe limayendetsa makina onse. Lokoyu amalola ambiri kuwerenga chinthu chimodzi nthawi imodzi, koma wofuna kusintha chinthucho amalowa yekha, ena onse atayamba atuluka.

Bolodi ya maulendo a ndege pa bwalo la Harry Mwaanga Nkumbula ku Livingstone imagwira ntchito chimodzimodzi. Apaulendo ndi oyendetsa matakisi amaiwerenga onse pamodzi, koma nthawi ya ndege ya ku Johannesburg ikasintha, amene amalemba ndi mmodzi. Foni za Android zomwe zili m'matumba mwawo zimayendera kernel ya Linux, imene Linus Torvalds anaiyambitsa mu 1991, ndipo maloko otere alimo.

Vuto la lokoyu ndi lakuti wowerenga aliyense amawonjezera nambala pa chiwerengero chimodzi akamalowa, n'kuichotsa akamatuluka. Purosesa ikakhala ndi ma core ambiri (zigawo zake zogwira ntchito nthawi imodzi), onse amalimbirana nambala yomweyo, ndiye makina amachedwa ngakhale palibe akulemba. Komanso owerenga akachuluka, wolemba amatha kudikira mpaka kalekale.

Njira imodzi yochepetsera kulimbiranaku ndi kupatsa core iliyonse chiwerengero chakechake. Ina ndi RCU, yomwe inalowa mu Linux mu 2002, imene Paul McKenney anaigwirirapo ntchito kwambiri. Apa wolemba amakopera chinthucho, n'kusintha kopeyo, kenako amaiika pamalo pa yakale. Yakaleyo amaifufuta owerenga onse akamaliza nayo, motero wowerenga sadikira aliyense.