Ntchito yopanga masewera a pa kompyuta ndi udindo wa mtsogoleri wake

Achinyamata ambiri a m'tauni ya Kafue, monganso anzawo a ku Lusaka, amasewera mpira kapena mpikisano wa magalimoto pa foni ndi pa PlayStation. Masewera amenewa amapangidwa ndi magulu a anthu olembedwa ntchito, ndipo gulu lililonse limakhala ndi mtsogoleri woonetsetsa kuti ntchito ithe ndalama zisanathe.

Pagulu lotere pamakhala wolemba mapulogalamu, wojambula zithunzi za anthu ndi malo, wokonza malamulo a sewerolo, wopeka nyimbo ndi mawu, ndiponso woyesa sewerolo kuti apeze zolakwika. M'makampani aakulu anthuwa amakwana mazanamazana, koma m'kampani yaing'ono munthu mmodzi amagwira ntchito ziwiri kapena zitatu.

Ambiri amayamba ndi timasewera tating'ono topanga okha pogwiritsa ntchito mapulogalamu monga Unity, Unreal Engine kapena Godot, yemwe ndi waulere. Olemba ntchito amafuna kuona sewero lomwe munthu anamaliza, ngakhale likhale laling'ono, kuposa lalikulu lomwe linalekezedwa panjira.

Munthu akakhala mkulu wa kampani, nthawi yolemba mapulogalamu imachepa. Iye amafunafuna ndalama, amalipira antchito mwezi ndi mwezi, amakambirana ndi ogulitsa, ndipo amagamula zoyenera kuchotsa m'sewero kuti lituluke pa nthawi yake. Vuto lalikulu ndi lakuti sewero limadya ndalama kwa zaka zingapo lisanabweretse ndi ngwee yomwe.

Mbiri ya a Olivier Madiba a ku Cameroon ikuonetsa zimenezi. Iwo anayamba kupanga sewero lotchedwa Aurion mu 2003 ali wophunzira. Patapita zaka pafupifupi khumi anakhazikitsa kampani ya Kiro'o Games mumzinda wa Yaoundé. Pofuna ndalama, anagulitsa magawo a kampaniyo kwa anthu wamba, ndipo mu 2015 anasonkhanitsa pafupifupi ma euro 50,000 kudzera pa Kickstarter. Kuthimathima kwa magetsi kunachedwetsa ntchito, koma sewero la Aurion: Legacy of the Kori-Odan linatuluka mu April 2016, patatha zaka 13 chiyambireni.

Ena anatsata njira ina. A Eyram Tawia a ku Ghana ndi a Wesley Kirinya a ku Kenya anayambitsa kampani yomwe lero imatchedwa Leti Arts mu 2009. Kuwonjezera pa masewera awoawo ozikidwa pa nthano za mu Africa, iwo amapanganso masewera omwe makampani ndi mabungwe aitanitsa, ndipo malipiro ake amathandiza kuyendetsa kampani. Ku South Africa, a Ben Myres ndi a Cukia Kimani anakumana pa yunivesite ya Witwatersrand n'kuyambitsa kampani ya Nyamakop, yomwe sewero lake la Semblance linatuluka pa makina a Nintendo Switch mu 2018.

Kunja kwa Africa, anthu amakumbukira a Satoru Iwata a ku Japan. Iwo anali wolemba mapulogalamu pa kampani ya HAL Laboratory, ndipo anapatsidwa utsogoleri wake mu 1993 kampaniyo ili m'ngongole yaikulu, yomwe anaibweza m'zaka zisanu ndi chimodzi. Mu 2002 anakhala pulezidenti wa Nintendo mpaka imfa yawo mu 2015. Malonda atavuta mu 2011 ndi mu 2014, iwo anadula malipiro awo ndi theka.

Kwa wachinyamata wa ku Kafue, thandizo lapafupi lili ku Lusaka, mtunda wa makilomita osapitirira 50. Yunivesite ya Zambia imaphunzitsa sayansi ya makompyuta, ndipo bungwe la BongoHive, lomwe linayamba mu 2011, limathandiza achinyamata ofuna kuyambitsa mabizinesi a zaumisiri. Gulu likafuna kukhala kampani yovomerezeka limalembetsa ku bungwe la PACRA. Ndi bwino kulemberana pangano losonyeza gawo la aliyense ntchito isanapite patali, chifukwa mikangano ya umwini imabuka ndalama zikayamba kulowa.

Mtsogoleri ayeneranso kuwerengera mtengo wofikitsira sewero pamsika. Google Play imalipiritsa madola 25 kamodzi kokha polembetsa, pomwe Steam imafuna madola 100 pa sewero lililonse ndipo imatenga 30 peresenti ya ndalama zogulitsa. Makampani ambiri a mu Africa amapanga masewera a pa foni, popeza foni ndiyo ili m'manja mwa anthu ambiri.

Magetsi ndi nkhani ina yosafunika kuiiwala. Ngakhale kuti malo opangira magetsi a Kafue Gorge ali pafupi ndi tauni ya Kafue, chilala cha mu 2024 chinachepetsa madzi m'madamu a Itezhi-Tezhi ndi Kariba, ndipo madera ena a dziko la Zambia ankakhala maola okwana 20 pa tsiku opanda magetsi. Kampani yodalira makompyuta iyenera kuika mtengo wa sola kapena mabatire pa bajeti yake, ndi kusunga ntchito yake pa malo oposa amodzi.

Pa makampani onse atchulidwawa, amene anakhala mtsogoleri anayamba ndi kupanga masewera ndi manja ake. Kusunga ndalama, kulemba mapangano ndi kusamalira antchito anakuphunzira pambuyo pake, ndipo luso limeneli ndi lomwe linathandiza kuti masewera awo afike kwa ogula.