Bwalo la Nkoloso ndi Nsanja za ku Malindi

Omvera athu, makamaka inu a ku Zemba ndi midzi yonse ya m'boma la Chadiza, mudziwa bwino kuti kwathu kuno malo sakhala opanda dzina kapena opanda mwini. Mudzi umatenga dzina la amene anayamba kudula mitengo pamenepo, ndipo mlendo sagwira khasu mfumu isanamulozere malire. Lero tikamba za malo a mtundu wina, malo oulutsirapo roketi zopita m'mlengalenga. Koma mafunso ake ndi omwewo: anatcha dzina ndani, ndipo wolamulira pamalopo ndani?

Tiyambe ndi kwathu ku Zambia. Bambo Edward Makuka Nkoloso anabadwa m'chaka cha 1919. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse anali msirikali m'gulu la Northern Rhodesia Regiment. Atabwerako anagwira ntchito yauphunzitsi, ndipo pambuyo pake analowa m'chipani cha UNIP namenyera nawo ufulu. M'chaka cha 1960 anayambitsa bungwe limene linadziwika ndi dzina lalitali ili: Zambia National Academy of Science, Space Research and Philosophy. Womva dzinali akanayesa kuti ndi nthambi ya boma yokhala ndi nyumba zosanja ndi alembi ambiri. Koma ai. Likulu lake linali pa famu yakale, mtunda wa makilomita 11 kuchokera mu Lusaka, ndipo wolamulira, mphunzitsi ndi wolankhulira bungwe anali Bambo Nkoloso yemweyo.

Pa famupo anyamata ndi mtsikana mmodzi anali kuphunzira za ulendo wa ku mwezi ndi ku Mars. Wophunzira ankalowa mu mgolo wa mafuta, anzake nkuugubuduza pamtsetse, ati kuti azolowere kugwedezeka kwa chombo. Ankakweranso pa katungwe kuti amve mmene thupi limapepukira kumwamba. Mtsikanayo ndiye anasankhidwa kupita ku Mars pamodzi ndi amphaka awiri ndi mmishonale mmodzi, ndipo mmishonaleyo analangizidwa kuti asakakakamize anthu a kumeneko kulowa Chikhristu ngati safuna. Taonani mau amenewa bwino. Anachokera kwa munthu amene anakulira mu ulamuliro wa atsamunda, nadziwa mmene alendo amafikira pa dziko la eni. Atolankhani a kunja anaseka kwambiri. Koma mlembi wa ku Zambia, Namwali Serpell, polemba za iye m'chaka cha 2017, anafunsa ngati Nkoloso sanali kuwaseka iwowo. Ine ndiganiza kuti zonse ziwiri zinalimo, nthabwala ndi chikhumbo chenicheni.

Chombo chake, chopangidwa ndi aluminiyamu ndi mkuwa, anachitcha D-Kalu 1 polemekeza a Kenneth David Kaunda. Malo oulutsirapo anasankha bwalo la Independence mu Lusaka, ndipo tsiku anasankha la 24 October 1964, tsiku lenileni lolandira ufulu. Maina onse anali m'malo mwake: dzina la mtsogoleri pa chombo, dzina la ufulu pa bwalo. Chimene chinasowa ndi ulamuliro pabwalopo ndi ndalama. Akulu okonza chikondwerero sanapereke chilolezo. Pempho lake la mapaundi 7,000,000 kwa bungwe la UNESCO silinabale kanthu, ndipo boma latsopano, lokhala ndi sukulu ndi zipatala zoti limange, silinatenge ntchitoyo kukhala yake. Ophunzira anabalalika mmodzimmodzi.

Tsono tiyeni tipite kumpoto chakum'mawa, ku dziko la Kenya, kumene roketi zinaulukadi. Pafupi ndi mzinda wa Malindi, m'nyanja ya mchere ya Indian Ocean, anthu a ku Italy motsogozedwa ndi Luigi Broglio anaimika nsanja ziwiri zachitsulo. Ina anaitcha San Marco, pamene pankaima roketi. Ina Santa Rita, pamene pankakhala akatswiri oyang'anira ulendo. Onsewa ndi maina a oyera mtima olemekezedwa ku Italy. Chinawakokera ku Malindi nchiani? Malowo ali pafupi ndi mzere wa Equator, pamene dziko pozungulira limathamanga koposa, makilomita oposa 1,600 pa ola. Roketi youluka kuloza kum'mawa imalandirako liwiro limeneli kwaulere, monga bwato lotsata madzi a mtsinje. Ndiponso kum'mawa kwa Malindi kuli nyanja yokhayokha, kotero kuti zitsulo zotsala zimagwera m'madzi, osati pa midzi ya anthu.

Setilaiti yoyamba inauluka pamenepo pa 26 April 1967. Yotchuka koposa inali ya bungwe la NASA la ku America, yofufuza kuwala kwa X-ray kochokera ku nyenyezi. Inauluka pa 12 December 1970, tsiku limene Kenya inakwanitsa zaka 7 za ufulu, ndipo chifukwa cha ichi anaitcha Uhuru, ndiko kuti ufulu m'Chiswahili. Chimene Nkoloso analakalaka, chombo chouluka pa tsiku la ufulu wa dziko la mu Africa, chinachitika ndithu patapita zaka 6. Koma roketiyo inali ya ku America, nsanja ya ku Italy, ndipo woyendetsa malowo inali yunivesite ya ku Rome. Kenya inapereka malo, tsiku ndi liu limodzi.

Pafupi ndi ife panachitikanso zotere. Kampani ya ku Germany yotchedwa OTRAG inapangana ndi Mobutu nipatsidwa dera lalikulu m'chigawo cha Shaba, chogundana ndi Zambia. Inayesa roketi yake yoyamba m'chaka cha 1977, ndipo m'chaka cha 1979 inauzidwa kuti ichoke.

Ku Malindi roketi yomaliza inauluka pa 25 March 1988. Broglio atamwalira m'chaka cha 2001 malowo anapatsidwa dzina lake, ndipo m'chaka cha 2004 ulamuliro unachoka ku yunivesite kupita ku bungwe la boma la Italy loona za mlengalenga. Ntchito inatsalapo ndi yolandira mauthenga a masetilaiti. Kenya inakhazikitsa bungwe lakelake la za mlengalenga m'chaka cha 2017.

Bambo Nkoloso atasiya za chombo sanakhale chete. A Kaunda anawapatsa ntchito pa African Liberation Centre mu Lusaka, posamalira omenyera ufulu ochokera ku maiko oyandikana nafe. Anaphunzira za malamulo pa University of Zambia natsiriza m'chaka cha 1983, ali ndi zaka zoposa 60. Anamwalira pa 4 March 1989.