Maulendo Atatu a Flames ku Chikho cha Africa

Mbiri ya dziko siyilembedwa m'mabwalo a mafumu ndi m'nyumba za malamulo mokha ayi. Ina imalembedwa pabwalo la masewero. Inu amene mukuphunzira ntchito ya uphunzitsi, makamaka amene mudzatumizidwe ku sukulu za ku Chikwawa ndi ku Nsanje, kuyenera kuti mudziwe za maulendo atatu amene timu ya mpira wa miyendo ya dziko lathu, yotchedwa Flames, inayenda ku mpikisano wa Chikho cha Africa. Ana adzakufunsani nkhani imeneyi, ndiponso mwa ana omwewo ndimo mudzatuluke osewera a m'tsogolo.

Chiyambi chathu chinali chochititsa manyazi. M'chaka cha 1962, pamene dziko lino linali kutchedwa Nyasaland, timu ya Ghana inatigonjetsa ndi zigoli 12 kwa 0. Koma patapita zaka 16 zinthu zinatembenuka. Mu 1978, motsogozedwa ndi mphunzitsi Ted Powell, anyamata athu anatenga chikho cha maiko a kum'mawa ndi pakati pa Africa atagonjetsa Zambia 3 kwa 2, ndipo mu 1979 anachitenganso atagonjetsa Kenya. Katswiri wa masiku amenewo anali Kinnah Phiri, amene anamwetsera dziko lake zigoli 71.

Ulendo woyamba wa ku Chikho cha Africa unachitika mu 1984 ku Ivory Coast, nthawi imene maiko 8 okha ndiwo anali kuloledwa kufika kumeneko. Mumzinda wa Bouaké tinagonja kwa Algeria 3 kwa 0, tinalepherana mphamvu ndi Nigeria 2 kwa 2, kenaka Ghana inatiposa 1 kwa 0. Tinabwerera msanga, komabe dziko la Africa linamva dzina la Malawi.

Tsono panadutsa zaka 26 tisanapondekonso. Mu 2010 Kinnah Phiri, ali mphunzitsi tsopano, anapita ndi timu ku Angola. Mtsogoleri wa osewera anali Peter Mponda, pagolo panali Swadick Sanudi, ndipo ambiri mwa anyamatawo anali kusewera m'matimu a ku South Africa. Pa 11 January, dzuwa likuswa mtengo mumzinda wa Luanda, Russell Mwafulirwa, Elvis Kafoteka ndi Davi Banda anamwetsa chigoli chimodzi chimodzi, nabweza ngongole ya 1984 pogonjetsa Algeria 3 kwa 0. Kumbukirani kuti Algeria inali itapeza kale malo ku Chikho cha Dziko Lonse cha chaka chomwecho. Chimwemwe sichinakhalitse, pakuti Angola inatigonjetsa 2 kwa 0, Mali 3 kwa 1.

Ulendo wachitatu unali wa ku Cameroon mu January 2022. Matenda a Covid-19 anasokoneza timu, kotero kuti Meck Mwase ndiye anaitsogolera pa masewero oyamba pamene Mario Marinica anali kudwala. Tinagonja kwa Guinea 1 kwa 0, koma Gabadinho Mhango anamwetsa zigoli ziwiri pogonjetsa Zimbabwe 2 kwa 1. Kenaka tinalepherana ndi Senegal popanda chigoli, ndipo Senegal yomweyo ndiyo inatenga chikho pamapeto pake. Motero kwa nthawi yoyamba Malawi analowa m'ndime yachiwiri. Pa 25 January ku Yaoundé, Mhango anaponya mpira kuchokera patali zedi nauika muukonde wa Morocco, koma Youssef En-Nesyri ndi Achraf Hakimi anabweza, tinatuluka 2 kwa 1.

Nanga Chigwa cha Shire chikulowapo bwanji pankhaniyi? Kale matimu aakulu anali kuleredwa ndi makampani, monga Bata Bullets ndi ADMARC Tigers. Momwemonso kampani ya shuga ya ku Nchalo inali ndi timu yake, SUCOMA, imene pambuyo pake inatchedwa Illovo, ndipo anthu a kuchigwa anali kuona akatswiri a ku Blantyre ndi maso awo pabwalo la Kalulu. Koma timu ya kampani imatola wosewera amene wakula kale. Womuumba poyamba ndiye mphunzitsi wa ku pulayimale, amene amaona mwana akuthamangitsa chikulunga pamchenga nazindikira luso lake.

Ntchito imeneyi kuchigwa siyapafupi. Kutentha kwake nkoopsa, choncho masewero ayenera kuchitika dzuwa litapendeka, madzi akumwa ali pambali. Madzi osefukira, monga a mu 2015 ndi a namondwe Freddy mu 2023, anasandutsa sukulu zambiri misasa ya anthu othawa madzi. Mphunzitsi wanzeru sadikira kuti wina adzamkonzere bwalo. Amasonkhanitsa ana ndi makolo, nalambula malo, naimika mitengo ya magolo. Asungwana asawaiwale, pakuti timu yawo, Scorchers, inatenga chikho cha COSAFA mu 2023.

Akuluakulu anati m'mera mpoyamba. Pakati pa ulendo woyamba ndi wachiwiri panali zaka 26, pakati pa wachiwiri ndi wachitatu zaka 12. Kuti mipata yotere ifupike, ntchitoyo iyambire kwa inu, pabwalo la sukulu ya ku Ngabu, ku Bangula kapena ku Makhanga.