Tebulo la mlombwa lomwe mudalembetserapo

Mamembala anzathu, amene mudalipo tsiku loyamba mukulikumbukira tebulo lomwe mudalembetserapo mayina zaka 10 zapitazo. Ndi la mlombwa, ndipo n'lakale kuposa kopaletivi yathuyi.

Ukalipentala wotere udafala ndi amishoni. Mu 1894, Dr Robert Laws adatsegula sukulu ya Overtoun ku Khondowe, komwe anyamata ankaphunzira macheka, pulena ndi tchizulo, ndipo mishoni ya ku Chilanga idayamba ili m'manja mwa a Livingstonia omwewo. Amisiri a nthawiyo sankadalira misomali ayi. Ankaboola mwendo, kulowetsamo thabwa losongola bwino, n'kukhomerapo chikhomo cha mtengo. Thabwa linkayamba laumira pamthunzi miyezi yambiri.

Kenaka m'zaka za m'ma 1970 maesiteti adadzaza chigwa cha Kasungu. Mabani a fodya wa fuluu adadya nkhuni, zigafa zidadya milimo, nkhalango n'kutha tikuona. Tonsefe tidadulako, tisanamizane. Lero mlombwa wokwana thabwa lalikulu chonchi muupeza kuti? Ngakhale mutaudzala mawa, odzaucheka ndi adzukulu.

N'chifukwa chake mwendo utayamba kugwedera chaka chatha, komiti idakana kugula la pulasitiki. Mmisiri wachikulire adalimasula osang'amba thabwa ngakhale limodzi, adapala guluu wakale, n'kusema zikhomo zatsopano, pomaliza adalipukuta ndi phula la njuchi. Madontho a inki wa zidindo zanu za chala adawasiya dala.

Mukabwera kudzalembetsa mabelo opita ku Chinkhoma, ligwedezeni muone.