Nkhomaliro ya ku Seligman

Tinafika ku Seligman dzuwa lili paliwombo, njala itatipweteka. Ndi katauni ka m'chigawo cha Arizona ku America, ka anthu osakwana 1,000. Mnzanga wa ku Zomba amene ndimaphunzira naye kunoko anaimitsa galimoto n'kunena kuti, "Aise, tidye pompano basi."

Malo odyera otere eni ake amawatcha diner. Ukangolowa umakhala ngati wabwerera m'zaka za m'ma 1950. Mipando ndi yofiira, matailosi ndi akuda ndi oyera ngati bolodi la drafuti, pakhoma pali Elvis Presley ndi Marilyn Monroe, pakona pali chimakina choimba nyimbo ukaponyamo ndalama. Ndinaitanitsa baga ndi tchipisi. Mayi amene anatibweretsera chakudya anali wansangala, ndipo khofi ankangothira osadikira kuti tipemphe.

Katauniko kali pamsewu wa Route 66, umene unakhazikitsidwa mu 1926 kuchokera ku Chicago mpaka ku Los Angeles, mtunda wa makilomita pafupifupi 3,900. M'zaka za m'ma 1930 munadutsa mabanja othawa chilala ku Oklahoma, akukasaka ganyu ku California. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, munadzaza anthu ongoyenda ndi magalimoto awo atsopano. Aliyense ankafuna mafuta, pogona ndi chakudya, ndiye timatauni totere tinkadya bwino.

Koma chakudza sichiyimba ng'oma. Mu 1956 Pulezidenti Eisenhower anasaina lamulo lomanga misewu ikuluikulu yothamangamo osaima. Mu 1978 msewu wa Interstate 40 unatsegulidwa, n'kulambalala Seligman. Magalimoto anasiya kubwera, mashopu anayamba kutsekedwa, ndipo mu 1985 boma linachotsa Route 66 pamndandanda wa misewu yake. Amene anakana kugonja anali wometa tsitsi wa pamalopo, Angel Delgadillo. Mu 1987 iye ndi anzake anayambitsa bungwe loti msewu wakalewo uzisungidwa ngati mbiri, ndipo alendo anayambanso kubwera. Masiku ano Seligman amagulitsa zakale: zikwangwani, magalimoto adzimbiri ndi nkhomaliro ngati yangayi.

Ndili mkati motafuna ndinayang'ananso zithunzi zija. Panalibe nkhope yakuda ngakhale imodzi. Ndinadzifunsa kuti, kodi agogo anga, amene mu 1955 anali mnyamata, akanayenda mumsewu uwu akanadya kuti?

Mbiri ili nalo yankho. Malo ambiri odyera ndi ogona a m'mbali mwa Route 66 sankalandira anthu akuda. Kunalinso matauni amene munthu wakuda sankayenera kupezekamo dzuwa likalowa. N'chifukwa chake mu 1936 Victor Hugo Green, wogwira ntchito kupositi wa ku New York, anayamba kusindikiza kabuku kotchedwa Green Book, kosonyeza kumene wakuda angadye ndi kugona osanyozedwa. Mabanja ankanyamuliratu kamba ndi mafuta apadera, poopa kukanizidwa panjira.

Mpando umene ndinakhalapo unachita kumenyeredwa. Pa 1 February 1960 ophunzira anayi akuda ku Greensboro, North Carolina, anakhala pakauntala yodyera ya sitolo ya Woolworth, anawakaniza chakudya, koma iwo sanachoke. Anali aang'ono kuposa ine. Mu 1964 m'pamene lamulo la Civil Rights Act linaletsa tsankho m'malo odyera.

Sindikudandaula za mayi uja kapena Delgadillo ayi. Anapulumutsa kwawo, ndipo ndikuwalemekeza. Kungoti 1950 imene akugulitsa ndi yosankhidwa: nyimbo anasunga, zikwangwani zoti "azungu okha" palibe akuzifunanso. Zaka zimene ena amazisowa, ena amathokoza kuti zinapita.

Mnzanga anandigwedeza. "Iwe, ukudya kapena ndikuthandize?"

Ndinakokera mbale kwanga. Ndinadya zonse, osasiyako ndi kachipisi komwe.