Otizimu

Mawu akuti otizimu anachokera ku liwu la Chigiriki lakuti autos, kutanthauza mwini wake. Dokotala wa ku Switzerland, Eugen Bleuler, anawagwiritsa ntchito cha m'ma 1911 ponena za odwala misala odzitsekera m'maganizo awo. Mu 1943 Leo Kanner wa ku Johns Hopkins anawagwiritsa ntchito pofotokoza ana 11 omwe ankakonda kukhala okha, kubwerezabwereza mawu, ndi kukwiya zinthu zikasunthidwa pamalo.

Tanthauzo loyambalo limasocheretsa ndithu. Mwana wotere sakana anthu, si wamisala kapena wolodzedwa ayi. N'chifukwa chake aphunzitsi ochita maphunziro apadera amaphunzira kulankhula naye pogwiritsa ntchito zithunzi ndi ndandanda yooneka ya zochita za tsikulo, monga m'njira ya TEACCH ya ku North Carolina.